Mnzake wa pa desiki adapita ku Dzaleka

Mwana wa mlongo wanga wakhala nane kuno ku Zolozolo kuyambira ali Sitandade 2. Ndi mtsikana wolongolola, moti mukangomufunsa kuti kusukulu kunali bwanji, nkhani imafika mpaka nsima kupsa. Koma tsiku lina kumapeto kwa Meyi 2023, kunja kukuzizira monga mukuudziwira Mzuzu nyengo imeneyo, adabwera ali duu. Adaponya chikwama pampando n'kukakhala pakhonde.

"Amalume, kodi ku Dzaleka n'kutali?"

Ndidamuuza kuti ndi ku Dowa, makilomita oposa 300 kuchokera kuno. Ndiye adati mnzake amene ankakhala naye desiki imodzi kuyambira Sitandade 3 sadabwere masiku atatu, ndipo atapita kwawo adapeza golosale ya makolo ake ili yotseka, makatani atachotsedwa. Aneba adamuuza kuti banjalo lidanyamuka lokha m'mamawa, poopa kudzatengedwa pa lole anthu akuona. Makolo a mtsikanayo adachokera ku Burundi. Iye adabadwira konkuno, Chitumbuka amalankhula kuposa ine, ndipo masamu a mwana wathu ankawongola ndi iyeyo.

Mukukumbukira zomwe zidachitika chaka chimenecho. Boma lidalamula kuti othawa kwawo onse okhala m'matauni ndi m'midzi abwerere kumsasa wa Dzaleka, ndipo tsiku lomaliza lidali 15 Epulo 2023. Pa 17 Meyi apolisi ndi asilikali adayamba kugwira anthu ku Lilongwe. Mazanamazana, kuphatikizapo amayi ndi ana, adayamba agona kundende ya Maula asanawatumize kumsasa. Ntchitoyo idafalikira m'maboma ena. Boma linkati likungotsatira lamulo, komanso kuti alendowa akulanda mabizinesi ang'onoang'ono a eni dziko. Pa Facebook ambiri tidaombera m'manja. Inenso ndivomere, ndidaseka nawo nthabwala za "maburundi" m'gulu lathu la WhatsApp. Za ana asukulu sindidaziganize n'komwe, mpaka funso lija lidandipeza pakhonde panga.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikufunsafunsa kuti malamulo athu amati chiyani pa mwana ngati ameneyu. Ndidapeza kuti timalankhula pawiri. Gawo 25 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro. Silinena kuti Mmalawi yekha. Mu 1991 tidavomereza pangano la United Nations la ufulu wa ana, lomwe silisankha mwana potengera kumene makolo ake adachokera. Koma pomwe tinkalowa m'pangano la 1951 loona za othawa kwawo, mu 1987, tidaika malire pa mfundo zingapo. Mfundo ya nambala 22, yokhudza maphunziro m'sukulu za boma, tidati tiziitenga ngati langizo chabe, osati chinthu chotikakamiza. Tidasunganso mphamvu yosankhira othawa kwawo malo okhala. Kenaka padabwera lamulo lathu la othawa kwawo la 1989, lomwe likugwirabe ntchito. Ndiye mwana uja ufulu wophunzira ali nawo, koma makolo ake alibe ufulu wokhala pafupi ndi sukulu imene amaphunzirayo. Kubadwira ku Mzuzu sikumupatsanso unzika, poti kwathu kuno unzika umatsata makolo.

Mwina muti, aaa, nanga ku Dzalekako kulibe sukulu? Ziliko. Bungwe la Jesuit Refugee Service lakhala likuyendetsa maphunziro kumeneko kwa zaka zambiri, kuphatikizapo pulayimale ya Umodzi Katubza ndi sekondale yoyendera. Ana amaphunzira silabasi yathu yomweyi, nalemba mayeso a Maneb omwewa. Vuto ndi malo. Dzaleka idali ndende ya andale nthawi ya Kamuzu, ndipo idasandutsidwa msasa mu 1994 poyembekezera anthu 10,000 kapena 12,000. Lero kuli anthu oposa 50,000, ochokera ku DR Congo, Burundi, Rwanda, Ethiopia ndi Somalia, ndipo gawo lalikulu ndi ana. Makalasi ndi odzaza, ana ena amadikira malo. Choncho mwana amene anali ndi desiki, mphunzitsi womudziwa dzina ndi anzake ku Mzuzu, tidamuchotsa n'kukamuika pamzere.

Chomwe chidandidabwitsa kwambiri n'chakuti m'sukulu za ku Dzaleka mumaphunziranso ana a Amalawi a m'midzi yozungulira msasawo. Amakhala kalasi imodzi ndi ana a ku Congo ndi ku Rwanda, ndipo palibe chimene chagwa kumwamba. Ngati zikutheka ku Dowa, chovuta n'chiyani ku Chibavi, ku Luwinga kapena ku Mchengautuwa?

Sindikufuna kunamizira kuti amene akudandaula alibe mfundo. Mnzanga wina, mphunzitsi wa pulayimale mumzinda muno, adandiyankha mosapsatira. Adati kalasi yake ili ndi ana oposa 100, mabuku amagwirizana anayi buku limodzi, ena amakhala pansi ngakhale mu Juni simenti ikuzizira ngati madzi a mufiriji. "Ndiye achimwene mukuti tiwonjezere ena?" Ndidamumvetsa. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, nthawi ya a Bakili Muluzi, ana adachuluka kuposa makalasi ndi aphunzitsi, ndipo mpaka lero sitidafanane nawo.

Koma taonani bwino. Kudzaza kwa kalasi ya mnzangayo sikudayambe ndi ana a alendo, ndipo atachoka sikudathe. M'kalasi ya mwana wathu mudachoka mwana mmodzi. Mawa lake ena onse adali pomwepo, buku limodzi anthu anayi. Kuchotsa mtsikana uja sikudagulire aliyense desiki. Ngati pali mlandu wa kuchepa kwa makalasi, tiupititse kwa amene amagawa bajeti, osati kwa mwana wa zaka 11.

Palinso nkhani ya ndalama imene achinyamata tiyenera kuimvetsa. Mabungwe ngati UNHCR akamamanga sukulu mkati mwa msasa mokha, thandizolo limathera kumpanda komweko. Ana othawa kwawo akamaphunzira m'sukulu za boma, dziko limakhala ndi pakamwa pouzira mabungwewo kuti kalasi, chimbudzi ndi mjigo azimange pasukulu ya onse. Uganda idasankha njira yotere: othawa kwawo amaloledwa kuyenda, kugwira ntchito ndi kutumiza ana kusukulu za boma, ngakhale akusunga anthu oposa miliyoni. Mavuto ali nawo, inde, koma kalasi ikamangidwa imatsalira mudzi ngakhale alendo atabwerera kwawo.

Ndipo si zachilendo kwa ife. Funsani agogo anu a ku Nsanje, Mulanje, Ntcheu kapena Dedza. Nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, Malawi idasunga anthu a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi, pamene ife eni ake sitidafike n'komwe 10 miliyoni. Ambiri sadali m'misasa, ankakhala m'midzi, kutunga pachitsime chimodzi ndi eni mudzi. Mtendere utabwera mu 1992 adabwerera. Tidali osauka kuposa lero, koma tidakwanitsa.

Ife a kumpoto tili ndi chifukwa china choganizira kawiri. Ndi nyumba zingati ku Mzimba ndi ku Nkhata Bay zomwe zilibe m'bale ku Joni? Zipolowe zothamangitsa alendo zitabuka ku South Africa mu 2008 ndi 2015, tidakwiya, boma lidatumiza mabasi kukatenga anthu athu. Ana a abale athu akamabwezedwa pageti la sukulu ku Johannesburg chifukwa cha mapepala, timati ndi nkhanza. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Komanso ambiri mwa othawa kwawo amalowera kwathu konkuno, ku Songwe ndi ku Chitipa, n'kuyamba asungidwa ku Karonga asanapite ku Dowa. Amadutsa mu M1 yomweyi timakwera ife.

Ndiye tichite chiyani, ife amene tilibe mpando ku Nyumba ya Malamulo? Lamulo la 1989 sitingalisinthe pa foni, koma phungu wanu ali ndi nambala, ndipo mungamufunse maganizo ake pa ana obadwira kuno amene sadziwa dziko lina. Ngati muli m'komiti ya sukulu kapena mumapita kumisonkhano ya makolo ndi aphunzitsi, ndipo pabwera mwana wolankhula Chiswahili, Chirundi kapena Chifalansa, musalole kuti nkhani yoyamba ikhale ya kumene adachokera. Funsani kuti akhala ndi ndani amene angamuthandize Chichewa ndi Chingerezi miyezi yoyambirira. Chiswahili mu Mzuzu si chachilendo, pitani ku Taifa mukamve. Ndipo uthenga wonyoza ukafika m'gulu la WhatsApp, musautumize kwina. Ana athu amamva zomwe timaseka, mawa amakazinena pabwalo la sukulu.

Mwana wathu pano ali kusekondale. Adalankhulapo ndi mnzake uja kawiri kokha, pa foni ya mayi ake. Ulendo woyamba adati akudikira malo. Wachiwiri adati wayamba, koma adamubweza kalasi imodzi. Kenaka nambala ija idasiya kupezeka.

Mwezi watha tikusanja mabuku akale, tidapeza kope la masamu la Sitandade 5. M'mphepete mwa tsamba lina muli malembo a dzanja lina, aang'onoang'ono, osonyeza mmene amagawira nambala zazitali. Ndimati ndiliponye pamoto pamodzi ndi mapepala ena, koma mwana adandigwira dzanja.

"Limenelo ayi, amalume. Ndidzamupatsa akadzabwera."

Sindidamuyankhe. Kopelo lili mu sutikesi yake mpaka lero.