Tiganize Pamodzi: Nangula Akaponyedwa, Madzi Akwera Kapena Atsika?

M'kope lathali tinakusiyirani ndagi, ndipo tinalonjeza kuti tibwera nalo yankho. Kwa inu amene kope lija linakuphonyani, funso linali lotere. Msodzi ali m'bwato pa dziwe laling'ono la simenti, lomwe madzi salowa ngakhale kutuluka. M'bwatomo muli mwala waukulu umene iye amauyesa nangula. Anyamula mwalawo nauponya m'madzi, mwala n'kumira mpaka pansi. Kodi madzi a m'dziwemo akwera, atsika, kapena akhala pomwe anali?

Makalata anabwera kuchokera ku Makanjira, Malindi, Chipoka, Senga Bay ndi Nkhotakota. Ambiri munati madzi akwera, popeza ngakhale mwana amadziwa kuti ukaponya mwala mu ndowa madzi amakwera. Ena, makamaka akuluakulu, munati palibe chisinthe, chifukwa mwalawo unali kale pa dziwepo. Wangosamuka malo basi. Amene munati atsika munali ochepa kwambiri. Bambo wina wa ku Makanjira anatidzudzula ndithu. Iye anati munthu wokhala m'tauni, amene madzi amawaonera pa mpope, asamafunse asodzi mafunso a bwato. Tavomera. Koma kumapeto kwa kalata yawo bambowa anafunsa funso lomwe latikhalitsa pansi, ndipo tibwererako.

Popeza kuno ku Chinyonga kulibe nyanja, tinaganiza zoyesa nkhaniyi pa khonde pamodzi ndi ana a ku madrasa, itatha swala ya Asr. Sabata imeneyo mipope inali youma, ndipo amayi akunyumba sanasangalale poona tikukokera bafa panja. Tinagwirizana kuti madziwo akatha ntchito yathu achapira zovala, osataya ngakhale dontho.

Ulendo woyamba tinalephera. Tinayandamitsa mbale m'bafa, n'kuikamo kamwala konga dzira, ndipo tinalemba ndi khala pomwe madzi analekeza. Titamiza kamwalako sitinaone kusintha kulikonse. Anyamata amene ankati madzi sasintha anayamba kale kuwomba m'manja. Mtsikana wina wa Sitandade 7 ndiye anati, "Mwalimu, bafali lakula, mwalawo wachepa. Tiyeni titenge ndowa." Tinatenga ndowa, poto wamng'ono wolowa bwino mu ndowamo, ndi mwala wonga nkhonya ziwiri. Poto anayandama ndi mwala wake, tinalemba mzere. Kenaka tinachotsa mwala mosamala, kuumiza pansi, ndi kusiya poto akuyandama wopanda kanthu. Madzi atadekha, mzere wa khala unali pamwamba, madzi ali m'munsi, kusiyana kwake ngati kunenepa kwa chala. Tinabwereza katatu chifukwa anyamata aja ankati tachita matsenga. Katatu konse madzi anatsika.

Tsono chifukwa chake n'chiyani? Apa tidekhe pang'ono, poti mutu wonse wa nkhani wagona pano.

Chinthu chilichonse chikalowa m'madzi chimakankha madzi ena kuti chipeze malo, ndipo madzi okankhidwawo ndiwo amakweza mzere. Koma choyandama ndi chomira sizikankha mofanana. Choyandama chimakankha madzi olemera chimodzimodzi ndi icho. Chomira chimangokankha madzi okwana malo amene thupi lake latenga. Mwa mwayi, kuwerengera kwake n'kosavuta, chifukwa lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Mwala wolimba wa m'mapiri mwathu muno umalemera pafupifupi ka 2.7 kuposa madzi ofanana nawo kukula. Tiyerekeze kuti nangula wa msodzi uja ndi wa makilogalamu 27. Kukula kwake ndiye kuti ndi malita 10, theka la ndowa. Ali m'bwato, bwato liyenera kuzama mpaka litakankha malita 27 kuti limusenze. Akaponyedwa pansi, bwato limapepukidwa n'kubweza malo a malita 27 aja, pomwe mwalawo wangotenga malo a malita 10. Malita 17 apeza pobwerera, ndipo madzi atsika.

Mwachidule, mwala uli m'bwato madzi amaumva kulemera. Uli pansi amangoumva kukula, popeza kulemera kotsalako kwasenzedwa ndi nthaka. Amene munati madzi akwera munayang'ana mwala n'kuiwala bwato. Amene munati sasintha munayandikira, koma munaiwala kuti wosenza katundu wasintha.

Tibwerere kwa bambo a ku Makanjira. Iwo anafunsa kuti, "Chingwe cha nangulayo n'chotalika bwanji?" Poyamba tinaseka, koma titaganiza bwino tinaona kuti ndi funso la munthu wodziwa madzi. Ngati chingwe chafupika, mwala n'kumalendewera osafika pansi, ndiye kuti bwato likuusenzabe. Mwala ukankha malita 10 ake, bwato likankha 17 otsalawo chifukwa chingwe chikulikokera pansi, zonse pamodzi 27 monga kale. Pamenepo madzi sasintha. N'chimodzimodzi ngati msodzi waponya chipika cha mtengo chomwe chikayandama: chinali kusenzedwa ndi madzi kudzera m'bwato, tsopano chikusenzedwa ndi madzi omwewo pachokha. Choncho yankho loti "atsika" ndi loona pokhapokha choponyedwacho chamira n'kukhala pansi. Bambo, mwatiphunzitsa, ndipo tikukuthokozani.

Wina anena kuti, makolo athu akhala akuponya anangula kuyambira kale, bwanji nyanja sitinaione ikutsika? Nyanja ya Malawi ndi yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 29,600. Malita 17 pamenepo ali ngati kuchotsa njere imodzi ya mchenga pa gombe la Senga Bay. Ndi vuto lomwe lija la kamwala m'bafa.

Nzeru imeneyi si ya dzulo. Anaifotokoza koyamba ndi Archimedes wa mu mzinda wa Syracuse pa chilumba cha Sicily, amene anamwalira m'chaka cha 212 Mneneri Isa, mtendere ukhale pa iye, asanabadwe. Patapita zaka zoposa 1,000, Abu Rayhan al-Biruni, wobadwa mu 973 ku Khwarazm, dera lomwe lero lili m'dziko la Uzbekistan, anapanga kachiwiya kokhala ndi kampope m'khosi. Ankadzaza madzi, n'kumiza chitsulo kapena mwala wa mtengo wapatali, kenaka n'kuyesa pa sikelo madzi osefukirawo. Mwa njira imeneyi anapeza kuti golide amalemera pafupifupi ka 19 kuposa madzi, ndipo sikelo za lero zikuvomereza. Cha m'ma 1121, al-Khazini wa ku Merv analemba buku la Mizan al-Hikma lofotokoza sikelo yoyesera zinthu zili m'madzi, yomwe inkatha kuulula golide wosakaniza ndi chitsulo china. Ndowa yathu ya pa khonde ndi mdzukulu wa ziwiya zimenezi.

Koma sitinasankhe ndagi iyi pofuna kungoseketsa ana. Lamulo lomweli ndilo limanena ngati boti lifike kutsidya kapena ayi.

Munthu wa makilogalamu 60 akakwera, boti liyenera kuzama mpaka litakankha malita 60, ndowa zitatu. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 likufuna malita 50. Madzi sadziwa kuti uyu ndi mwana wa mwini boti, kapena kuti wangopempha kutsikira pafupi pomwepa. Malo okankha madzi amathera pa milomo ya boti, ndipo kamtunda ka pakati pa madzi ndi milomoyo ndiko chuma chokha chomwe muli nacho mwera ukayamba. Katundu woiwalika kwambiri ndi madzi amene alowa m'kati. Ndowa zitatu za madzi pansi pa boti ndi munthu wamkulu wina amene wakwera osalipira. Choipa n'chakuti iyeyu sakhazikika: boti likapendekera kumanja, madziwo amathamangira komweko n'kuwonjezera kupendekerako. Ndiye chifukwa chake akuluakulu salola kuti ntchito yokapa madzi idikire.

Amalinyero a nyanja zazikulu anaphunzira izi ndi maliro ambiri. Ku Britain, phungu wa Nyumba ya Malamulo Samuel Plimsoll anamenya nkhondo mpaka mu 1876 kunakhazikitsidwa lamulo loti sitima zikhale ndi chizindikiro m'mbali, chosonyeza polekezera kupakira. Pa sitima za lero chizindikirocho chili ndi mizere ingapo, chifukwa madzi onse sasenza mofanana. Malita 1,000 a madzi a mchere amalemera pafupifupi makilogalamu 1,025, pomwe opanda mchere amalemera 1,000, ndipo ofunda amapepukirako pang'ono. Katundu yemweyo amazamitsa sitima kwambiri m'madzi ofunda opanda mchere, monga a nyanja yathu. Ife tikuona kuti palibe choletsa mwini boti ku Makanjira kapena ku Chipoka kutenga penti yoyera ndi kujambula mzere wake m'mbali, tsiku la bata, atagwirizana ndi akuluakulu a pa doko. Mzere ukamira, wokwera wotsatira adikire ulendo wina. Kukana munthu ndi pakamwa n'kovuta, makamaka akakhala mlamu. Kumuloza mzere n'kosavuta.

Pali ndi nkhani ya pomwe katundu waikidwa. Agogo athu amakumbukirabe sitima ya Vipya, yomwe inagubuduka mu mphepo ya mkuntho pa 30 July 1946 kufupi ndi Chitimba, ndipo anthu 145 anatsikira kuli chete. Ambiri ofotokoza za ngoziyo amati sitimayo inali yolemera kumwamba. M'bwato laling'ono phunziro lake ndi lomwelo: matumba pansi, anthu akhale pansi, woimirira asapezeke.

Lamuloli lilinso ndi mbali yokoma. Thupi la munthu limalemera pafupifupi chimodzimodzi ndi madzi, kotero wogwera m'nyanja safuna chomunyamula thupi lonse. Akungofuna chosunga mutu pamwamba. Chigubu cha malita 20 chopanda kanthu, chotsekedwa bwino, chimatha kusenza pafupifupi makilogalamu 19 chisanamire, ndipo amenewo ndi okwanira kuti munthu wamkulu apume atachikumbatira. Sichilowa m'malo mwa jekete yoyandamitsa, poti manja amatopa ndipo mwana sangachigwire nthawi yaitali. Komabe chigubu chokhala ndi chivindikiro cholimba ndi kachingwe kogwirira, choikidwa poti dzanja lifike msanga, chimaposa kutali kupita chimanjamanja.

Nayi tsono ndagi ya kope lino, ndipo amene mwawerenga mosamala simuvutika. Tiyerekeze kuti sitima ya Ilala, ija inayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951, yaima pa doko la Monkey Bay dzinja lonse, osapakira kapena kutsitsa kanthu. M'mbali mwake mwalendewera makwerero a chingwe. Mapondero ake ndi otalikirana masentimita 30, ndipo mu December pondero la pansi likungokhudza madzi. Mvula yagwa, mitsinje yadzaza, ndipo pofika April nyanja yakwera ndi masentimita 90. Kodi mapondero angati amira? Ana ayambe kuyankha, makolo pambuyo. Tumizani mayankho anu kwa Mkonzi pamodzi ndi chifukwa chake, ndipo Insha Allah tidzakumana m'kope likudzali.