Madzi akafiira, wolakwa ndi dzimbiri

Kukatentha mwezi wa Okutobala mumzinda wa Tete, eni nyumba zogona alendo amathamangira kudzaza maiwe osambiramo, aja ambiri amangoti pisina. Tsoka limagwera mnyamata wosamalira pisinayo. Madzulo wadzaza madzi oyera mbee ochokera m'chitsime chokumba ndi makina, nathiramo klorini monga adamuuzira. Kukacha madzi aja ali psuu ngati a mumtsinje nthawi ya dzinja, bwana ali naye pakhosi kuti wathiramo chiyani. Ena ntchito imathera pomwepo.

Chonsecho mnyamatayo alibe mlandu. Madzi a pansi pa nthaka m'madera ambiri amakhala ndi chitsulo chosungunuka chomwe maso sangachione. Chikakumana ndi mpweya chimasanduka dzimbiri, ndipo klorini amafulumizitsa kusandukako. Tsono kuthira klorini wina kuti madzi ayere n'kutaya ndalama chabe. Dzimbirilo liyenera kutuluka. Odziwa ntchitoyi amasiya pampu ikuyenda usana ndi usiku kuti madzi adzere m'sefa ya mchenga, namatsuka sefayo pafupipafupi. Ena amathira mankhwala a alamu, nazimitsa pampu usiku wonse kuti dzimbiri lidikhe pansi, m'mawa n'kulikokera kunja ndi paipi. Mawanga otsalira m'zipupa amachoka ndi vitamini C. M'bulu umodzi ukatikitidwa pabanga la dzimbiri, bangalo limafufuma.

Koma kodi m'chigawo chino ndi angati ali ndi pisina? Amene vutoli limamupweteka zedi ndi mayi wotunga pamjigo. Madzi amabwera oyera, koma akakhala m'ndowa amafiira. Tiyi amada bii, mpunga umasintha mtundu, malaya a yunifolomu ya mwana amachita mawanga osachoka ngakhale sopo athe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mamiligalamu 0.3 okha a chitsulo pa lita imodzi akapitirira, zovala zimayamba kuthimbirira, koma siliika chitsulo chotere pakati pa zinthu zodwalitsa anthu m'madzi akumwa.

Choopsa chili apa: mayi uja akatopa amausiya mjigo n'kubwerera ku Zambezi kapena ku Revúbuè, komwe madzi ake "amakoma". Kumeneko kuli ng'ona, kulinso zija zosaoneka. Anthu sanaiwale kolera yemwe adabuka ku Niassa mu 2022 nafalikira ku Tete, Sofala ndi Zambézia.

Nzeru ya pa pisina ija imagwiranso ntchito pakhomo, popanda pampu. Madzi atsanulidwe kuchokera m'mwamba, ndowa ina kupita ina, kangapo, kuti apume mpweya. Agone usiku wonse ovundikira. M'mawa dzimbiri limapezeka litakhala pansi ngati nsenga. A pamwambawo atsanulidwe mwapang'onopang'ono, makamaka podzera pansalu yoyera kapena mumchenga wotsuka bwino. Certeza athiridwe pambuyo pa zonsezi, chifukwa akathiridwa poyamba, mphamvu yake ina imathera pachitsulo m'malo mopha tizilombo.

Palinso china chomwe makomiti a madzi ayenera kufufuza asanaiimbe mlandu nthaka. Nthawi zina dzimbiri limachokera mumjigo momwemo. Mijigo ya Afridev ili ndi mapaipi apulasitiki, koma ndodo zake zikakhala za chitsulo wamba, madzi owawasa amazidya. Kudziwa kwake n'kosavuta. Ngati ndowa zoyamba m'mamawa zimatuluka zofiira kale, kenaka madzi n'kuyera anthu akapopa kwa kanthawi, ndiye kuti zikuola ndi ndodo. Apo kugoneka madzi kungothandiza lero lokha. Mmisiri aitanidwe adzaike ndodo za chitsulo chosachita dzimbiri. Mtengo wake ndi wokwererapo, ndipo msonkhano wosonkherana ndalamazo sukhala waufupi, koma ndodo yodyeka imadzaduka tsiku lina, mudzi wonse n'kutsikira kumtsinje.