Kompyuta yakaleyo musaitaye

Sabata yatha ndinakacheza kwa mnzanga ku Area 10. M'galaja mwawo ndinapezamo kompyuta ya 486 yomwe bambo ake anabwera nayo kuchokera ku Lusaka mu 1994, itachita kukwiririka ndi fumbi. Akuti ndi chiphapha, ikudikira kudzala. Titaiyatsa, inayaka bwinobwino. Nthawi yonseyi mwana wa wantchito wawo anali pazenera, kusuzumira anzake akusewera pa foni.

Inetu ndikuti makina oterewa, ngakhale aja akungounjikana m'maofesi a ku City Centre, apatsidwe kwa ana ngati ameneyu, muli masewera a shareware. Mawuwa asakuopseni. Eni masewerawa ankapereka gawo loyamba ulere, n'kulola kuti munthu akopere mnzake. Wofuna magawo otsala ndiye ankalipira. Scott Miller wa kampani ya Apogee ndiye anatchukitsa njirayi kuyambira mu 1987. Choncho kugawana gawo loyambalo si kuba ayi, koma kukopera masewera onse athunthu ndi nkhani ina.

Yambani ndi Commander Keen wa 1990, nkhani ya kamnyamata ka zaka 8 kosokera ku Mars. Amayenda ngakhale pa 286. Kwa ana a pulayimale ndimakonda Word Rescue ndi Math Rescue, onse a 1992, omwe anakonza mayi Karen Crowther. Mwana amadumphadumpha kutola mawu a Chingerezi kapena kuwonkhetsa masamu, osazindikira n'komwe kuti ali m'kalasi. Amene amadana ndi masamu, monga ndinkachitira ine mpaka kuyunivesite komwe sindinamalize, apa amagwidwa mosavuta.

Nanga Doom wa 1993 uja? Ndi wokoma, sindikana, ndipo amangofuna 386 ndi mamegabaiti 4 a RAM. Koma muli mfuti ndi magazi okhaokha. Ameneyo ndi Wolfenstein 3D wa 1992 asungireni akuluakulu.

Ngati yanu ndi ya kaunjika yogula ku Old Town, ya Windows, ikanimo kaye DOSBox, pulogalamu yaulere yoyendetsera masewera akalewa. Onse ndatchulawa amakwana m'kafulashi kamodzi, malo n'kutsala, ndipo mukawaika safunanso bandulo. Chovuta n'chakuti 486 ilibe pobayira fulashi, moti ya ku Area 10 ija tikuisakirabe madisiketi. Amene muli nawo m'makatoni, tabwerekeniko.