PSA ikakwera, bwererani kwa dokotala

Bambo akalandira pepala la ku chipatala lonena kuti PSA yake yakwera, mtima umathamangira ku khansa ndi ku manda. Ena amabisa pepalalo ngakhale kwa akazi awo, ena amathamangira mankhwala azitsamba otsatsidwa pa WhatsApp. Zimandipweteka, chifukwa onsewa amasiyira ulendo panjira.

PSA ndi puloteni yopangidwa ndi prostate, kachiwalo ka amuna kamene kali kunsi kwa chikhodzodzo, kozungulira njira ya mkodzo. Mwamuna aliyense ali nayo pang'ono m'magazi. Akuluakulu anati utsi sufuka popanda moto, ndipo PSA yokwera ndi utsi ndithu. Koma utsi sunena ngati ukuchokera pamafuwa kapena padenga la nyumba. Prostate imakula yokha munthu akamakalamba, ndipo kukulako kumakweza nambala. Matenda a m'njira ya mkodzo, kutupa kwa prostate, paipi ya mkodzo, kupalasa njinga mtunda wautali, ngakhale kukhala malo amodzi ndi mayi m'masiku awiri musanayezetse, zonsezi zingaikweze. Mankhwala a finasteride, amene ena amamwa prostate ikakula, amaitsitsa pafupifupi ndi theka, n'chifukwa chake dokotala ayenera kudziwa zonse zomwe mukumwa.

Madokotala ambiri amayamba kutchera khutu nambala ikapitirira 4, poganiziranso msinkhu wa munthu. Bungwe la American Cancer Society limati ikakhala pakati pa 4 ndi 10, mwamuna mmodzi mwa anayi ndiye amapezeka ndi khansa. Atatu enawo alibe. Ikadutsa 10, oposa theka amapezeka nayo. Komanso alipo amene nambala yawo ili pansi pa 4 koma khansa ilimo. Choncho pepala limodzi silimaliza nkhani. Dokotala amabwereza kuyeza pakapita milungu ingapo, amapima prostate ndi chala kudzera kotulukira chimbudzi, amajambula ndi MRI komwe makinawo alipo, ndipo pakafunika amatapako kanyama kakang'ono kuti kaunikidwe. Kanyamako ndi kamene kamanena ngati ili khansa, komanso ngati ndi yaukali kapena yoyenda pang'onopang'ono imene madokotala angangoiyang'anira.

Ndikudziwa kuti chala cha dokotalacho ndi chimene chimabweza amuna ambiri pakhomo. Abambo anzanga, kupimako sikutenga ndi mphindi ziwiri zomwe, pamene khansa yofalikira ku mafupa a msana ndi m'chiuno imazunza kwa miyezi. Ife anthu akuda tilibe mpata wozengereza. Ku Britain, bungwe la Prostate Cancer UK limati mwamuna mmodzi mwa 8 adzadwala khansayi pa moyo wake, koma pakati pa amuna akuda ndi mmodzi mwa anayi, ndipo limawalangiza kukambirana ndi dokotala kuyambira zaka 45. Ikangoyamba, khansayi kawirikawiri siwawa ndipo sisokoneza mkodzo. Woyembekezera ululu amafika mochedwa.

Ikapezeka msanga, munthu amakhala. Desmond Tutu anapezeka nayo mu 1997 ndipo anamwalira mu 2021 ali ndi zaka 90. Nelson Mandela anapezeka nayo mu 2001, analandira chithandizo, nakhala mpaka 2013, ali ndi zaka 95. Onse awiri sanabise matenda awo.

Kubisa n'kumene kumatipweteka m'mabanja mwathu. Pamaliro timangomva kuti malemu anadwala nthawi yaitali, dzina la matenda osalitchula. Komatu ngati bambo wanu kapena mchimwene wanu anadwala khansa ya prostate, chiopsezo chanu chimaposa kawiri cha mwamuna wina. Funsani amayi, funsani azakhali, kuti bambo ankadwala chiyani, ndipo yankho lake mukalinene kwa dokotala. Inu amene mwapezeka nayo, itanani achimwene anu ndi ana anu aamuna, muwauze mosabisa, kuti iwo akayezetse nthawi idakalipo.