Mbewu Nazonso Zimadziteteza

Anthu ambiri ku Nancholi amalima matimati ndi mtedza kuseri kwa nyumba zawo. Ena akangoona timadontho takuda pa masamba, amathamangira kukagula mankhwala. Iwo amayesa kuti mbewu ilibe mphamvu yolimbana ndi matenda. Maganizo amenewa ndi olakwika.

Tsamba linapangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono totchedwa maselo. Kachirombo koyambitsa matenda kakalowa, maselowo amakazindikira ndi zizindikiro za pathupi pake. Pomwepo amalimbitsa makoma awo ndi kutulutsa ululu wopha kachiromboko. Nthawi zina maselo oyandikana nako amafa dala kuti mdaniyo asowe chakudya. Uthenga umafikanso ku masamba ena kuti akonzeke.

Koma si mbewu zonse zimene zili ndi mphamvu zofanana. N'chifukwa chake akatswiri a ku Chitedze, pafupi ndi Lilongwe, anatulutsa mtedza wa Nsinjiro, umene umapirira matenda a kadukutu.

Choncho mlimi wanzeru asankhe mbewu zopirira ndi kuzula zimene zagonja. Asathire madzi pa masamba madzulo, pakuti tizirombo timakonda chinyezi. Akatero, ndalama zamankhwala adzagulira ana ake makope.