CHINGWE CHA KUBWALO LA RUGBY: KODI TIKUTCHINGA YANI?

Pali mwambo wina umene ukumera m'mabwalo a rugby ya anthu osalipidwa, ndipo ine ndati ndiutsutse usanazike mizu. Mwambowo ndi uwu: munthu wodzipereka kujambula zithunzi, amene wabwera ndi kamera yakeyake, wadzilipirira yekha ulendo, ndipo madzulo ake apereka zithunzizo kwaulere kwa osewera, akumuuza kuti abwerere kuseri kwa chingwe, akaime pamodzi ndi oonerera. Akafunsa chifukwa amamuyankha ndi liu limodzi lolemera lakuti "chilolezo," ngati kuti pabwalo lafumbi, lopanda ndi mpando womwe, pakuchitika mpikisano wa dziko lonse. Ine ndikuti mwambo umenewu ngwobwereka, ndipo wovulala nawo kwenikweni si wojambulayo ayi, koma kalabu yomwe ikumuthamangitsayo.

Tiyambe tafunsa kumene mtima wotchingawu udachokera. Kwa zaka zoposa 100 rugby idali kudzitama kuti ndi masewero osalandirapo ndalama. Bungwe la Rugby Football Union la ku England, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1871, lidaumirira mfundoyi kotero kuti mu 1895 makalabu a kumpoto kwa dzikolo, amene ankafuna kubwezera osewera awo malipiro a tsiku limene ajomba kuntchito, adapatuka nayambitsa masewero amene lero timawatcha rugby league. Koma mu Ogasiti 1995, ku Paris, akuluakulu a International Rugby Football Board adagonja nalola kuti osewera azilipidwa. Kuyambira pomwepo zonse za pabwalo lalikulu zidasanduka malonda: malaya, zikwangwani, wailesi yakanema, ndi chithunzi chomwe. Mu 2007, pa mpikisano wa dziko lonse ku France, bungwe lomwelo lidafuna kuika malire pa kuchuluka kwa zithunzi zimene atolankhani angatulutse pa intaneti masewero ali mkati. Makampani a Reuters, Associated Press, Agence France-Presse ndi Getty Images adanyanyala zochitika zokonzekera mpikisanowo, ndipo mkangano udatha patangotsala nthawi yochepa kuti France ndi Argentina atsegulire masewero pa 7 Sepitembala.

Kumenekotu nkhondo ya chilolezo imamveka, pakuti onse akulimbirana thumba lodzaza. Nanga kalabu ya aphunzitsi, amakaniko ndi ana a sukulu, imene imasonkha ndalama kuti igule mpira umodzi, ikuteteza thumba liti? Palibe wailesi yakanema imene idagula masewero ake. Palibe kampani imene ikudikira zithunzi zake. Akomiti angoona pa kanema kuti anthu apamwamba amatchinga ojambula, iwonso nkuthamangira chingwe kuti aoneke apamwamba. Atengera loko wa nyumba ya olemera nkumukhoma pa nkhokwe yopanda chimanga.

Wina anena kuti, "Kodi kuseri kwa chingwe kamera siona?" Wofunsa chotere sadagwirepo kamera pa rugby. Bwalo limatalika mpaka mamita 100, m'lifupi mwake mpaka mamita 70, ndipo muli anthu 30 othamanga kwa mphindi 80. Mpira umasowa pansi pa mulu wa anthu, kenaka nkutulukira mbali ina mwadzidzidzi. Chigoli chachikulu, chimene eni masewero amachitcha try, chimachitika pansi penipeni, wosewera akagunditsa mpira pa udzu kuseri kwa mzere wa adani, kawirikawiri pakona. Kuti uchigwire uyenera kukhala wogwada, moyang'anizana ndi wosewerayo akubwera, kamera ikutsekula ndi kutseka diso m'kagawo kamodzi ka magawo 1,000 a sekondi. Nchifukwa chake m'mabwalo akuluakulu ojambula amakhala pansi kuseri kwa mzere wotsiriza. Iwowo ali ndi malenzi aatali a mamilimita 400, a mtengo wonga wa galimoto. Wodzipereka alibe zimenezo. Chida chake ndi miyendo yake. Ukamuika pakati pa oonerera oimirira, abwerako ndi zithunzi za nkhongo za anthu ndi maambulera.

Inenso zidandionekera pa masewero ena a timu ya anzanga. Mkulu wina wakomiti, amene maina a osewera athu sankawadziwa nkomwe, adandilozera kuchingwe, ine amene ndidanyamula nawo madzi a timuyo m'mawa womwewo. Chule adadabwa m'madzi muli mwake. Tsiku limenelo mnyamata wina, amene adayamba rugby chaka chomwecho, adagoletsa try yake yoyamba pakona yakutali. Amai ake kumudzi adamva nkhani yokha. Chithunzi palibe, ndipo sichidzakhalapo.

Mwina mukuti iyi ndi nkhani yaing'ono, ya mnyamata mmodzi ndi amai ake. Tiyeni tsono tipite ku South Africa, kumene rugby ndi masewero a fuko, tikaone zimene zimachitika anthu akamasewera popanda wowasungira umboni. Pafupifupi tonse tidachiona chithunzi cha pa 24 Juni 1995 ku Ellis Park, mu Johannesburg: Nelson Mandela atavala malaya a Springboks akupereka chikho kwa Francois Pienaar, atagonjetsa New Zealand 15 kwa 12. M'timu imeneyo wosewera wosakhala mzungu adali mmodzi yekha, Chester Williams. Dziko lapansi lidaona chithunzicho nkukhulupirira kuti tsiku limenelo azungu ndiye ankagawirako anthu akuda masewero awo.

Komatu zoona zake si zimenezo. Kuchigawo cha Eastern Cape anthu akuda adayamba rugby m'zaka za m'ma 1800, m'sukulu za mishoni ndi m'matauni. Nyuzipepala ya Imvo Zabantsundu, imene John Tengo Jabavu adaiyambitsa mu 1884, inkalemba za masewero awo. Mu 1971 makalabu a m'malokeshoni a ku Port Elizabeth, mzinda umene lero ukutchedwa Gqeberha, adapanga bungwe la Kwazakhele Rugby Union, lokana tsankho pamasewero. Boma la tsankho litawamana mabwalo, anthu adadzimangira okha bwalo ku Zwide, limene limadziwika ndi dzina la mtsogoleri wawo, Dan Qeqe. Anthu miyandamiyanda ankadzaza kumeneko, koma makamera a nyuzipepala zikuluzikulu adaloza ku Newlands ndi ku Ellis Park. Mabungwe a rugby atagwirizana mu 1992, padafunika ntchito yofukula mbiri imene idayenera kukhala poyera kuyambira kale. Buku la Abdurahman Booley la mu 1998 lonena za mbiri imeneyi lidatchedwa Forgotten Heroes, ndiye kuti ngwazi zoiwalika. Adaiwalika bwanji anthu amene adasewera zaka zoposa 100? Adaiwalika chifukwa dziko limakumbukira chimene laona ndi maso.

Ndipo ku Zwide komweko ndi kumene kudachokera Siya Kolisi, amene ali mwana ankasewera m'kalabu ya African Bombers. Mu 2018 adakhala munthu wakuda woyamba kutsogolera Springboks pa masewero a pakati pa maiko, nanyamula chikho cha dziko lonse mu 2019 ndi mu 2023. Lero makamera amamutsata kulikonse. Koma pamene ankathamanga pa bwalo louma la ku lokeshoni, kodi ndi kampani iti ya nkhani ikadatumako munthu? Pa mabwalo otere, wojambula akapezekapo, amakhala mnansi wodzipereka, yemwe uja tikumuuza kuti abwerere kuchingwe.

Kuno kwathu rugby ikadali khanda. Masamba a zamasewero m'nyuzipepala amadzaza ndi mpira wamiyendo ndi wamanja, ndipo mtolankhani sabwera kudzaona anyamata ndi atsikana akugwetsana pa udzu. Tikathamangitsa wodzipereka, tatsala ndi yani? Kandimverere adakanena za m'maluwa. Kalabu yopanda zithunzi ikapita kukapempha thandizo imapita ndi pakamwa pokha. Ikafuna kukopa osewera atsopano ilibe chowaonetsa. Ndipo pakatha zaka 20 palibe adzakhulupirire kuti idalipo.

Sindikunena kuti akomiti alibe mfundo ndi imodzi yomwe. Ali nazo ziwiri, ndipo ndiziyankha. Yoyamba ndi ngozi. Nzoona kuti munthu wa makilogalamu 100 akakankhidwira kunja kwa mzere ali pa liwiro saima msanga, ndipo woyang'anira mzere amafuna njira yothamangamo. Nchifukwa chake malamulo a masewerowa amafuna mpata wopanda zopinga kuzungulira bwalo. Koma mpata umenewu ngwoyezeka ndi mapazi. Wojambula akhale kuseri kwa mzere wotsiriza, kapena mamita 5 kuchokera pa mzere wam'mbali. Avale kajekete kowala kuti woimbira amudziwe. Asabwere ndi miyendo yachitsulo yoimikapo kamera. Asayandikire malo a aphunzitsi a matimu. Zonsezi woimbira angazifotokoze m'mphindi ziwiri masewero asanayambe. Khoswe akakhala pamkhate sapheka: wanzeru amayamba wamuchotsa, saphwanya mkhate.

Yachiwiri ndi ana, ndipo iyi ndiyolemera. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo chithunzi cha mwana chikalowa pa intaneti sichibwereranso. Komatu ngakhale ku England, kumene malamulo oteteza ana ndi okhwima, Rugby Football Union siletsa kujambula ana pamasewero. Imafuna kuti makolo avomereze, kuti zithunzi zikhale zaulemu, ndi kuti dzina lonse la mwana lisamatidwe pa chithunzi chake. Tsono taganizani: woopsa ndani, munthu amene walembetsa dzina lake kwa mlembi wa kalabu, wavala kajekete, ndipo aliyense akumuona, kapena khamu la kuseri kwa chingwe limene aliyense ali ndi foni m'manja, akujambula mwakufuna kwake popanda womufunsa? Chingwe chimathamangitsa wodziwika yekha, nkusiya osadziwika onse ali phee.

Ifenso ojambula tili ndi ngongole yathu. Wosewera akavulala kwambiri, kamera itsike. Ululu wa munthu si chionetsero. Malaya kapena kabudula akang'ambika, chithunzicho chifafanizidwe pomwepo. Wosewera akapempha kuti chithunzi chake chichotsedwe pa Facebook, chichotsedwe popanda makani. Ndipo kalabu nayo ikagwiritsa ntchito chithunzi, itchule dzina la mwini wake, pakuti malipiro a wodzipereka ndi omwewo basi.

Chimene ndikupempha sichifuna ndalama. Kalabu iliyonse ikhale ndi kabuku kolembamo ojambula ake, timajekete tiwiri kapena titatu, ndi tsamba limodzi la malamulo. Zithunzi za chaka chilichonse zisungidwe pamodzi, zolembedwa tsiku, malo ndi maina a matimu, ndipo zina zikaperekedwe ku laibulale. Inu aphunzitsi a mbiri mumatiuza tsiku ndi tsiku kuti mbiri ya anthu wamba imavuta kulemba chifukwa umboni udasowa. Umboniwo ndi uwu ukuthamangitsidwa pabwalo Loweruka lililonse, ife tikuonerera. Inu a m'makomiti, pamsonkhano wanu wotsatira ikani nkhaniyi patebulo. Chingwe chikhale cha oonerera. Wojambula mpatseni kajekete, mumuonetse pogwada.