Mtima wa Zaka 55 Suli Ngati wa Zaka 25

Masiku ano m'majimu a m'tauni muli makina amene munthu amakhalapo ndi kukoka cingwe monga akupalasa bwato. Azibambo ambiri a zaka 50 ndi kupitirira ayamba kuwakonda, ndipo ndi cinthu cabwino. Koma pali vuto limodzi. Bambo amaona manambala a mnyamata amene ali pambali pake, ndipo amafuna kulingana naye. Akalephera, amadzikakamiza mpaka kucita cizwezwe, kapena amakhumudwa ndi kulekeratu. Zonse ziwiri n'zolakwika.

Pa mipikisano ya makina amenewa mtunda wozolowereka ndi mamita 2,000. Mu 2018 Josh Dunkley-Smith wa ku Australia anaumaliza m'mphindi 5 ndi masekondi osakwana 36. Komabe pa mpikisano waukulu wa CRASH-B, umene unayamba ku Boston mu 1982, anthu amagawidwa m'magulu molingana ndi zaka zao. Nkhalamba imapikisana ndi nkhalamba inzake. Akatswiri eni ake amadziwa kuti thupi limasintha.

Cifukwa cake ndi ici. Liwiro lalikulu limene mtima ungagunde limatsika caka ndi caka. Kuti alidziwe mongoyerekeza, acipatala amacotsa zaka za munthu pa 220. Wa zaka 25 angafike pafupifupi 195 pa mphindi, koma wa zaka 55 amathera ca pa 165. Mtima ukamagunda mocepa, magazi opita ku minofu amacepanso, ndiponso mpweya umene minofu imalandira. Minofu nayo imayamba kufota pang'onopang'ono munthu akapitirira zaka 30, ndipo kutopa kumatenga masiku ambiri kuti kuthe. Umenewu si ulesi, ndipo palibe mankhwala obweza zaka.

Koma kufooka kumeneku kumafulumira kwa munthu wongokhala, ndipo kumacedwa kwa amene salekeza. Ndiye cifukwa cake kuleka ndiko kuipa koposa. Makinawa ndi oyenera acikulire popeza sagunditsa maondo pansi monga kuthamanga, malinga ngati munthu akankha ndi miyendo coyamba, osati kukoka ndi msana.

Munthu wamkulu adziyese ndi manambala ake a mwezi watha, osati a mwana wake. Ngati nthawi yake ya caka cino ili yofanana ndi ya caka catha, ameneyo wapambana. Bungwe la WHO limalangiza mphindi zosacepera 150 pa sabata za nchito yolimbitsa thupi mosapambanitsa, kutanthauza kuti munthu akupuma mwamsanga koma akutha kulankhula. Amene alibe ndalama za jimu angapeze phindu lomwelo poyenda mofulumira kapena kupalasa njinga.

Asanayambe, apite ku kiliniki akapimitse BP ndi shuga. BP yofika 140/90 kapena kupitirira nthawi zambiri siimveka m'thupi, koma imatha kubweretsa sitiroko. Akamva kupweteka pacifuwa, cizwezwe kapena kubanika kwacilendo, aleke pomwepo ndi kupita kucipatala tsiku lomwelo. Amai a m'nyumba ndi ana asaope kuwakumbutsa atate zimenezi.

Msodzi wokalamba wa pa Kafue sapikisana ndi adzukulu ake, koma m'mawa uliwonse amakhala ali m'bwato, ndipo banja lake limadya.